Msewu Wopanda Midzi

Mdzukulu wanga, sendera kuno. Wati iwe ndi anzako a ku Cape Town mwasonkherana ndalama. Mukufuna kubwereka galimoto kuti mukaone mapiri a Swartberg ndi chipululu cha Namib. Sindikuletsa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Munthu amene wakhetsa thukuta chaka chonse ayenera kuliona dziko limene akukhalamo. Koma misewu imeneyo ndimaidziwa. Ndidaiyenda ndikadali ndi mphamvu, masiku amene ndinkayendetsa lole yonyamula alendo okaona malo. Galu wamkota sakandira pachabe. Tchera khutu.

Kwathu kuno msewu uli ndi anthu. Galimoto ikakufera pakati pa Ntcheu ndi Balaka, usanatsegule n'komwe boneti, ana afika kale. Wina wathamangira madzi kuchitsime. Wa kabaza wakutenga kukasaka makaniko. Kukada, amfumu akupezera pogona. Tidazizolowera zimenezi mpaka tidaiwala kuti ndi chuma. Kumene ukupitako kulibe zotere. Uyenda maola osaona denga, osaona utsi, osamva tambala. Chimene chimakometsa misewu imeneyo n'chomwecho, kuti kulibe anthu. Chimene chimapha n'chomwechonso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono zonse zimene mudzi ukadakupatsa, uzisenze wekha m'galimoto.

Nkhanga zidapangana kusanapse. Ulendo uwu umayambira pakhomo, injini isanalire. Yamba ndi nyengo. Ndikudziwa kuti tchuthi chanu chimabwera mu Disembala, ntchito zikatsekedwa. Imeneyo ndiyo nthawi imene chipululu chimalusa. Masana kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mchenga umawotcha phazi lili mu nsapato. Abwana akakulola, sankha pakati pa Meyi ndi Seputembala. Masana kumangofunda bwino. Koma tenga bulangete lochindikala, pakuti usiku kumazizira mpaka mano kugundana.

Oyamba kukwera m'galimoto ndi madzi. Munthu mmodzi malita 5 patsiku, ndipo uwonjezere a masiku awiri amene sunawawerengere. Usawathire m'chigubu chimodzi. Chikabooka mwatha nonse. Zakumwa zotsekemera si madzi. Mowa si madzi. Matayala apadera akhale awiri, chifukwa miyala ya kumeneko ndi yakuthwa, imang'amba tayala m'mbali, mosamatika. Jeki uiyese pabwalo la eni galimoto pomwepo, iwo akuona. Sipanala uilowetse pa manati, uone ngati ikugwira. Tenga thabwa loikapo jeki, fosholo, pampu ndi choyezera mpweya. Paliponse pamene wapeza pomwetsera mafuta, dzaza thanki, ngakhale ikadali pakati. Ndalama zina zikhale za m'manja, chifukwa netiweki kumeneko imabwera ikafuna. Mapu a papepala asasowe. Foni imatha moto, pepala ayi.

Mapepala akonso akhale olongosoka. Eni galimoto akupatse kalata yokulola kutuluka nayo m'dzikomo, apo ayi akakubweza pa mtsinje wa Orange, pamalire a Namibia. Ndipo uyang'ane bwino pasipoti yako ndi chilolezo chako chokhalira ku Joni. Kutuluka n'kosavuta. Nkhani imakhala polowanso.

Kenaka uza munthu. Asakhale wa m'galimoto momwemo. Akhale wotsala kumbuyo, wamutu wabwino. Umulembere kuti lero tigona pakuti, mawa tidzera msewu wakuti, tikapanda kuimba pofika ola lakuti muyambe kufunsa. Mukakwanitsa, pitani galimoto ziwiri. Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Mupangane musananyamuke. Wotsogola azidikira pamphambano iliyonse mpaka aone nyali za mnzake. Wakumbuyo azitalikira, fumbi liyambe lakhazikika. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Phiri loyamba ndi Swartberg. Msewu wake umachokera mbali ya Oudtshoorn, kwa alimi a nthiwatiwa, n'kukatsikira ku Prince Albert. Amene adayang'anira ntchito yake ndi katswiri wa misewu, a Thomas Bain. Okumba ndi kusenza miyala adali akaidi. Adautsegula mu Januwale 1888, ndipo m'phirimo sadathiremo phula mpaka lero. Pamwamba pake ndi mamita pafupifupi 1,580, msinkhu wa tauni ya Dedza. Mbali ya kumpoto matanthwe ndi ofiira, opindikapindika, ndipo msewu umathera mumpata wopapatiza momwe muli kamtsinje ka madzi oyera. Ukafika pamakona, ima potakasuka, utsike. Gwira khoma limene lachirikiza msewu. Ndi miyala yokhayokha, yosanja popanda simenti. Waung'ono adaukhomera pampata wa ikuluikulu. Mvula ikagwa madzi amadutsa m'mipatamo, salikankha khomalo. N'chifukwa chake lidakalipo. Anthu amene adasanja miyalayo sadabwere mwa kufuna kwawo, ndipo odutsa satchula mayina awo. Uwakumbukire pamene ukujambula zithunzi.

Kukwera phiri sikuvuta. Chovuta n'kutsika. Wadutsapo pa Khwekhwelere, fungo la mabuleki akapsa ukulidziwa. Ukaponda buleki osalekeza, zitsulo zimatentha, mafuta a mabuleki n'kuwira. Ukapondanso, phazi limangolowa mpaka pansi, galimoto osamva. Tsono giya imene wakwerera ndi yomwenso utsikire. Injini ndiyo igwire galimoto. Buleki uziponda pang'ono n'kusiya. Ukamva fungo lija, ima, udikire zizizire zokha. Usathirepo madzi, zitsulo zingapindike. Wokwera mpatse njira, chifukwa iye akaima pachitunda sachedwa kubwerera chafutambuyo. Pakona yosaonetsa kutsogolo liza hutala, ukhale mbali yako. Kuthamanga sikufika.

Pafupi ndi pamwamba pali msewu wopatukira kumadzulo, wopita ku Gamkaskloof, kumene ena amati Die Hel. Ndi makilomita 37, koma amadya maola awiri. Anyamata akamva zimenezi amaseka. Pobwerako saseka. Phunzira pamenepo kuti kumapiri ulendo sayeza ndi makilomita, amayeza ndi maola. Kumeneko kulibe mafuta, ndipo polowera mpomwe potulukira. Ukalowa dzuwa litapendeka, ukagone komweko. M'chigwamo mudakhala mabanja a alimi kuyambira m'ma 1830. Katundu ankasenzetsa abulu, kudutsa m'mapiri. Msewu udafika mu 1962, anthu nati tapulumuka. Walira mvula walira matope. Msewu umene udabweretsa galimoto ndi womwenso udatenga ana awo. Adachoka mmodzimmodzi, mlimi womaliza natuluka mu 1991. Uziilingalira nkhani imeneyi, iwe amene msewu udakutenganso.

Ukawoloka Orange walowa mu Namibia. Amayendera kumanzere monga ife. Misewu yambiri ya kumadzulo ndi ya miyala, yotakata, yowongoka, yosalala m'maso. Msampha uli pomwepo. Msewu woipa umakuchenjeza wokha. Wabwino umakugoneka. Phazi limalemera iwe osadziwa. Uli pa 120, kona yatulukira, kapena mzere wa miyala yomasuka imene makina osalaza msewu adasiya m'mbali. Matayala akumbuyo aterereka. Wadzidzimuka, wakhotetsa chiwongolero mwamphamvu, waponda buleki. Galimoto yagubuduzika. Zotere ndidazipeza panjira. Galimoto yatsopano, matayala ali m'mwamba, zikwama ndi mapoto zitamwazika pamiyala, fumbi lisanakhazikike. Padalibe ina imene idaigunda. Akuti tsoka silinunkha, koma ili limachita kuitanidwa ndi phazi.

Usapitirire 80. Pamakona ndi pamene msewu wachita mizere yogwedeza mano, tsika pa 60. Phungula mpweya pang'ono m'matayala kuti agwire pansi. Manja onse awiri pachiwongolero. Galimoto ikayamba kuvina, chotsa phazi pamafuta mofatsa, usalimbane nayo. Nyali ziziyaka ndi masana omwe. Ukaona fumbi likubwera kutsogolo, chepetsa liwiro, sendera kumanzere, pakuti mwala wouluka umaswa galasi. M'fumbi usapitirire mnzako, sukudziwa chili kuseri. Muzisinthana poyendetsa. Amene wamwa dzulo usiku akhale kumbuyo lero. Tsokonombwe adatha dziko n'kulumpha.

Ku Sesriem ndiko kuli chipata cholowera ku milu ya mchenga ya Sossusvlei. Amatsegula dzuwa likamatuluka, amatseka likamalowa. Usaphonye m'mawa. Dzuwa likangosuzumira, mbali imodzi ya mulu imati psuu, ina ikadali bii. Milu ina ndi yaitali mamita opitirira 300. Pa Deadvlei pali bwalo la dothi loyera, lolimba, ndi mitengo yakuda imene idauma zaka mazana angapo zapitazo, mchenga utatseka njira ya mtsinje. Siidawole, chifukwa kulibe chinyezi choiwoletsa. Mu 2013 a UNESCO adaika chipululu cha mchengachi m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Kaone ndithu, ndi malo oyenera kuwaona.

Kuchokera pachipata pali phula makilomita 60. Makilomita 5 otsiriza ndi mchenga wakuya. Pamenepo pamafunika galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, zija amati 4x4. Ngati yanu si yotero, isiyeni poimikapo, mulipire ya eni malo kapena muyende pansi. Palibe chamanyazi. Ngati ndi yotero ndipo eni malo akulola, phungula mpweya wambiri, tayala liphwathalale. Tsata mizere ya amene adutsa kale. Usaime pofewa. Ikatitimira, chotsa phazi msanga. Ukaumirira mafuta, matayala amakumba mpaka mimba ya galimoto kukhala pamchenga, ndiye kuti mwaswera pomwepo. Tsika, fukula ndi fosholo, ubwerere m'mbuyo pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukafika polimba, popanso matayala usanathamange.

Anzako adzati tionenso uku, tionenso uko. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Adzatchula Spreetshoogte. N'kokongoladi. Ukaima pamwamba pake, chipululu chonse chimayalika pansi pako mpaka maso kutopa. Koma msewuwo umatsika mamita pafupifupi 1,000 pa makilomita 4 okha, ndipo malole ndi galimoto zokoka ngolo saloledwa. Ukaufuna, upatse tsiku lakelake. Usauphatikize kumapeto kwa tsiku lotopetsa. Lamulo ndi ili: dzuwa likamafiira ukhale utafika pogona. Usiku msewu ndi wa nyama. Ngoma imalumpha mpanda n'kukugwera pagalasi. Oryx, nyama ya nyanga zazitali zowongoka, imangoima pakati pamsewu n'kumayang'ana nyali.

Ku Solitaire kuli mafuta, buledi, ndi galimoto zakale zimene zikudyedwa ndi dzimbiri padzuwa. Dzaza thanki. Funsa obwera kuchokera kunyanja kuti msewu uli bwanji. Safunsa adadya phula. Kuchoka apo kukafika ku Walvis Bay pa msewu wa C14 ndi makilomita pafupifupi 230, ndipo palibe pogula ngakhale machesi. Udutsa chikwangwani cha Tropic of Capricorn. Utsikira m'zigwa ziwiri, Gaub ndi Kuiseb. Mitsinje yake imakhala youma pafupifupi chaka chonse. Mchenga wake ndi wofewa, mthunzi wa mitengo ndi wokoma. Usamangemo tenti. Mvula imagwa kutali, kumapiri a kum'mawa, kumene iwe sukuona. Kumwamba kwako kuli ngwee, koma madzi ali panjira, a matope, atasenza zipika. Chakudza sichiimba ng'oma. Madzi omwewo ndi amene amaletsa milu ya mchenga kuwolokera kumpoto, chifukwa akasefukira amakokolola zonse zimene mphepo idaunjika mumtsinjemo. N'chifukwa chake kumwera kwa Kuiseb kuli mchenga wofiira, kumpoto kuli chidikha cha miyala. Madzi oimitsa milu yotere sangaope galimoto yako. Ukawapeza akuyenda pamsewu, zimitsa injini. Linda madzi apite, uziti ndadala. A m'chipululu sachedwa kuphwa.

Galimoto ikafa, pakuti chopangidwa ndi munthu chimafa, mvera ichi koposa zonse: usaisiye. M'chipululu maso amanama. Phiri looneka pafupi ndi la ulendo wa tsiku lathunthu. Ofunafuna amaona galimoto msanga kuposa munthu woyenda pansi. Pagalimoto pali mthunzi, pali madzi, pali galasi lothwanimitsira dzuwa. Tsegula boneti kuti odutsa adziwe. Manga chitenje kapena tenti m'mbali, mukhale pamthunzi. Ntchito yolemetsa muigwire m'mawa kapena madzulo. Madzi muzimwa, osawasunga m'chigubu thupi likuuma. Pa C14 galimoto zimadutsa. Pa timisewu ta m'kati mwa malo otetezedwa, timene timafuna chilolezo, mungadikire nthawi yaitali. Apo ndi pamene amagwira ntchito munthu uja udamuuza kumbuyo.

Tsiku lina tidapeza banja lina panjira yotere. Matayala awiri adaphulika, lapadera lidali limodzi. Mayi ndi ana adali atagona kunsi kwa galimoto, milomo itang'ambika, mabotolo a zakumwa ali gwa. Bambo adali atanyamuka wapansi m'mawa kuti akafune thandizo. Tidakawapeza kutsogolo atakhala pamwala, nsapato zili m'manja, dzina lawo lomwe akulephera kutchula. Tidawanyowetsa malaya, n'kumawamwetsa pang'onopang'ono. Adachira. Koma akadakhala pagalimoto, tikadawapeza onse pamodzi, bambowo ali ndi mphamvu zothandiza ana awo.

Tsono nawenso usadutse munthu woima. M'matauni a ku Joni mudaphunzira kukweza magalasi n'kupitirira, ndipo kumeneko n'chanzeru. M'chipululu mwambo ndi wina. Chepetsa liwiro. Funsa ngati ali bwino, ngati ali ndi madzi. Ngati sungathe kumukonzera, tenga uthenga wake ukaufikitse kumene kuli anthu. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Kumene kulibe mudzi, mudzi ndiwe.

Usaganize kuti dzikolo lilibe eni. Kumunsi kwa Kuiseb kumakhala anthu a mtundu wa Topnaar. Amaweta mbuzi, amakolola chipatso cha mumchenga chotchedwa nara. Adalipo misewu isanalambulidwe. Kumtunda kuli mafamu. Ukapeza geti lotseka, ulitsekenso ukadutsa. Pereka moni usanafunse njira. Usajambule munthu osapempha. Zinyalala zako ubwerere nazo. Ndipo usapatuke pamsewu pofuna chithunzi chabwino. Chidikha chimene ukuchiona ngati miyala chabe chili ndi moyo. Ukayandikira kunyanja, tsika, ugwade. Pamiyala pali ndere zouma, zotuwa. Donthezapo madzi pang'ono. Zimafutukuka n'kusintha mtundu iwe ukuona. Zimamwa nkhungu yochokera kunyanja yozizira, pakuti kugombe kumeneko mvula siifika mamilimita 25 pachaka. Zimakula mochedwa kwambiri. Tayala likazipondereza, chipsera chake chimaoneka zaka makumimakumi, iwe utaiwala kale kuti udadutsapo. Mlendo ndi mame. Adutse, malo atsale mmene adawapezera.

Latsala limodzi, ndipo ndilo lolemera. M'chigwa cha Kuiseb chomwecho mudabisalapo anthu awiri a ku Germany, a Henno Martin ndi a Hermann Korn. Adali akatswiri a miyala. Mu 1940, nkhondo yaikulu ili m'kati, adathawira mmenemo ndi galu wawo poopa kutsekeredwa. Ankadziwa kuwerenga nthaka, kupeza madzi, kusaka nyama. Adakhalamo zaka zopitirira ziwiri. Koma a Korn adadwala chifukwa chosowa zakudya zoyenera, ndipo mu 1942 awiriwo adatuluka, nadziulula kwa aboma. Moyo wa munthu adauona wolemera kuposa kuuma mutu. Onse adatulukamo amoyo. Ngati akatswiri otere adadziwa polekera, iwe wa tchuthi cha masabata ndiwe yani?

Ola limenelo lidzakufikira nawenso. Mafuta achepa. Tayala lapadera latha. Mnzako mutu ukumuwawa ndipo wasiya kutuluka thukuta. Mitambo yada kum'mawa. Anzako adzati tatsala pang'ono, tabwera kutali, ndalama zapita kale. Wagwira chiwongolero ndiwe. Tembenuza galimoto. Adzakunyoza tsiku limodzi. Ndalama zidzawawa mwezi umodzi. Wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Mapiriwo sasamuka, mchengawo sutha, chaka chamawa udzazipeza pomwepo. Dalaivala weniweni samudziwira kumene wafika. Amamudziwira kuti onse amene adanyamula wawabweza kwawo.

Ndanena. Mawu a akulu akoma akagonera. Lero ukuona ngati ndachulutsa. Nyamuka tsono, ukayambe ndi zigubu za madzi.